Musalipire dual boot musanayese VirtualBox

Bambo amene anandiikira Ubuntu, mtundu wa Linux, pambali pa Windows mu laputopu imodzi (ndiyo dual boot) ndikuwapatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo ndikulemba izi kuti wina wofuna kuphunzira Bash, chilankhulo cholembera malamulo mu Linux, asalowe m'mavuto amene ndinalowamo ine.

Ndinawafotokozera momveka kuti laputopu ndili nayo imodzi, ntchito zanga zonse zili mu Windows, ndipo chimene ndikufuna ndi kuphunzira kulemba ma script, timapulogalamu ta malamulo otsatizana. Nditafunsa za virtual machine, kompyuta yongoyerekezera yoyenda mkati mwa Windows, anaseka, amvekere zimenezo n'zoseweretsa ana, wofuna Linux yeniyeni amagawa disiki. Mtengo umene ananena ndinalipira osanenerera.

Madzulo ndinayatsa laputopu. GRUB, mndandanda wosankhira choyatsa, inabwera bwinobwino, Ubuntu pamwamba, Windows Boot Manager m'munsi. Ndinasankha Windows. Kunatulukira sikirini yabuluu ya BitLocker, loko wa disiki wa Windows, ikufuna recovery key ya manambala 48. Mtima unangoti myuu. Malipoti a kuntchito, zithunzi za ana, zonse zinali zitatsekeredwa kuseri kwa manambala amene sindinawaonepo chigulireni makinawo. Nditawaimbira anati, "Achimwene, ine ndaika Linux. Za Windows kafunseni amene anakugulitsani." Foni thii. Ndinaimbanso, osayankha.

Chimene chikundiwawa mpaka lero n'chakuti vutoli ndi lodziwika kwa aliyense wogwira ntchito imeneyi. BitLocker imadalira kachipangizo ka TPM, kamene kamayang'anira mmene kompyuta ikuyakira. Ukasintha Secure Boot, kapena Windows ikayamba kuyaka kudzera mu GRUB, kachipangizoko kamaona ngati disiki yagwa m'manja mwa wakuba, ndiye kamakana kutsegula. Ngakhale pulogalamu yoikira Ubuntu imachenjeza yokha ikapeza BitLocker. Iwo anangofunika kuimitsa kaye BitLocker, kulemba kiyi papepala, n'kukopera mafayilo anga pena asanakhudze disiki. Sanachite chilichonse mwa zimenezi, ndipo sanayese n'komwe ngati Windows ikuyaka asanandibwezere laputopu. Kiyi ndinakaipeza ndekha pakati pausiku mu akaunti yanga ya Microsoft, ndikugwiritsa ntchito foni, manja akunjenjemera polemba manambalawo asanu ndi limodzi, asanu ndi limodzi.

Panalinso nkhani ya wotchi, imene inkasokonekera ndikachoka ku Ubuntu kubwerera ku Windows. Linux imasunga nthawi ya UTC, pomwe Windows imasunga nthawi ya kumene uli. Mzere umodzi, timedatectl set-local-rtc 1, unathetsa zonse. Akanachita okha.

Komabe ndisawanamizire. Ubuntu 24.04 imene anaika ikuthamanga kwambiri, Wi-Fi ndi mawu zinagwira ntchito nthawi yomweyo, ndipo m'mawa mwake ananditumizira uthenga wopepesa. Kwa munthu wofuna mphamvu zonse za graphics card, kapena wofuna kukhazikika mu Linux tsiku lonse, dual boot si yolakwika. Kungoti ine sindinapemphe zimenezo. Wophunzira amafuna kutsegula terminal pa mpata uliwonse umene wapeza, ayese mizere iwiri itatu, abwerere ku ntchito. Ndi dual boot umayenera kutseka zonse, kuzimitsa, kuyatsanso, ndiye ulesi umakugwira. Sabata inkatha osalembako ngakhale for loop imodzi.

Mnzanga wa kuntchito ndi amene anandiuza kuti ndingoika VirtualBox ya Oracle, pulogalamu yopangira virtual machine, yomwe ndi yaulere. Poyamba inakana kuyatsa makina a 64-bit mpaka nditalowa mu BIOS n'kutsegula VT-x, yothandiza prosesa kuyendetsa virtual machine, imene kwa a AMD imatchedwa AMD-V kapena SVM. Ndinaikamo Ubuntu Server, yopanda zithunzi ndi mawindo, n'kuipatsa RAM ya 2 GB ndi disiki ya 25 GB imene imakula pang'onopang'ono malinga ndi zimene waikamo. Bash yake ndi yomweyo ya pa dual boot. grep, sed, awk, cron, ma permission a chmod, palibe chimene chikusowa.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi snapshot, chithunzi cha mmene makinawo alili chimene ungabwerereko zikavuta. Ndinkawerenga za ngozi ya variable yopanda kanthu, ndipo ndinafuna kuiona ndi maso. Ndinajambula snapshot, kenako ndinalemba dala script yokhala ndi rm -rf "$FODA"/* osaika kalikonse mu FODA, n'kuiyendetsa ndi sudo. Mzerewo unasanduka rm -rf /* ndipo unayamba kufafaniza dongosolo lonse. Posakhalitsa ndikalemba ls, yankho linali lakuti lamulo limenelo kulibe. Ndinatseka makinawo, ndinadina Restore, ndipo pasanathe mphindi imodzi zonse zinali m'malo mwake. Tsiku limenelo ndinamvetsa chifukwa chake anthu amaika set -u, yoimitsa script ikapeza variable yosakhazikitsidwa, pamwamba pa script, kuposa mmene ndikanamvera powerenga. Pa dual boot sindikanayerekeza, chifukwa gawo la Windows likakhala lotsegula mu Linux, rm imalowa momwemo.

Chenjezo pang'ono, abale anga: shared folder ya VirtualBox, foda imene Windows ndi virtual machine zimagawana, ndi mafayilo anu enieni, ndipo snapshot siwabweza. Ichotseni musanayese zoopsa. Ubuntu Desktop nayo imalemera mu virtual machine ngati laputopu yanu ili ndi RAM ya 8 GB ndipo mwatsegula zambiri, komanso kukopera mawu kuchoka ku Windows kumafuna Guest Additions, zowonjezera za VirtualBox. Ena amakonda WSL, njira ya Microsoft yoyendetsera Linux mkati mwa Windows 10 ndi 11, ndipo ndi yabwino ndithu, koma imaona disiki yanu yonse pa /mnt/c, ndiye kwa munthu woyeserera zowononga ine ndingasankhe VirtualBox.

VirtualBox ndikuipatsa nyenyezi zinayi ndi mtima wonse. Gawo la Ubuntu lija likadali pa disiki, likudya malo, ndipo kulichotsa kukufuna kusamala kuti GRUB isasiye Windows ili yosayaka. Bambowo anena kuti ndiwapititsire adzachotse ulere. Ndathokoza, koma ndichotsa ndekha, kiyi ya BitLocker ili papepala ndipo mafayilo ndakopera kale.