Makomiti a m'madoko: ena ali ndi mano, ena ndi dzina chabe

Makomiti a m'madoko, omwe asodzi amangowatchula kuti ma BVC (Beach Village Committees), anayambira ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa mtsinje wa Shire mu 1993, chambo chitayamba kusowa. Lamulo la za usodzi la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi azithandizana ndi boma posamalira nsomba. Ntchito yawo ndi kulemba asodzi ndi zida zawo, kulondera nyanja ikatsekedwa, ndi kulanda maukonde oletsedwa.

Komiti ikakhala yolimba, phindu lake silibisika. Chambo chimaswanira m'madzi osaya ndipo chimasunga mazira ndi ana mkamwa, choncho khoka lokokedwa mu Novembala kapena Disembala limapha make pamodzi ndi ana omwe. Komiti yofika padoko mbandakucha, kuyeza maso a ukonde ndi kukaniza chambo chosakwana masentimita 15, imapulumutsa nsomba zambiri kuposa msonkhano uliwonse wa kuboma.

Koma zolakwika n'zambiri, ndipo gwero lake si ulesi. Loyamba ndi masankhidwe. Mipando imagwera eni zida kapena abale a amfumu, pomwe alovi, antchito a eni zidawo amene amagona panyanja usiku wonse, alibe mawu. Mwini khoka sangadzilande yekha khoka. Kenako pali mawe, nsomba zomwe msodzi wobwera amapereka kwa amfumu: mfumu ikalandira, komiti imachita manyazi kumuthamangitsa mlendoyo ngakhale atasokerera masikito m'thumba la ukonde wake, n'kumakokolola kasawala (tiana ta chambo) ndi usipa waung'ono. Ndalama za chindapusa nazonso kawirikawiri sizilembedwa, ndiye anthu akayamba kukayika amasiya kuulula ophwanya malamulo. Za mafuta ndi boti musanene: bwato lopalasa silingathamangitse boti la injini lomwe lalowa m'madzi osaya usiku.

Chilumba cha Mbenji ku Salima chimaonetsa chimene chikusowa kwinaku. Kumeneko, pansi pa mfumu yaikulu Makanjira, nyanja imatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo, mwambo womwe unayamba m'zaka za m'ma 1950. Mowa, juga ndi chamba n'zoletsedwa, ndipo wophwanya amachotsedwa pachilumbapo. Utaka umapezekabe chifukwa aliyense amadziwa woweruza, ndipo chilango chimagwa ndithu. Lamulo loletsa amayi kufikako ndi nkhani ina. Ambiri ogula ndi kuyanika nsomba ndi amayi, ndipo lamulolo si loyenera kulitengera kwina.

Amene akufuna kudziwa ngati komiti ya padoko lawo ikugwira ntchito afunse kaye buku la chindapusa. Aonenso ngati mlovi ndi mayi wogulitsa nsomba ali ndi mpando, komanso tsiku lomaliza lomwe ukonde wa munthu wodziwika unalandidwa.