Thermal ya m'manja ya 384: zomwe ndaona nditaigwiritsa ntchito miyezi 8

Ndimagwira ntchito pa famu ya mbuzi ndi nkhosa kufupi ndi San Angelo, kumadzulo kwa Texas. Chimene chimatisowetsa tulo kuno ndi coyote. Ngati simunamuonepo, ganizirani nkhandwe yokulirapo, ya msinkhu wa galu wapakatikati. Mbuzi zikayamba kuswa amabwera usiku kudzatola ana ongobadwa kumene, m'mawa n'kungopeza make akulira m'mbali mwa waya. Ku Texas kusaka coyote usiku pa malo a munthu n'kololedwa, kaya ndi tochi kaya ndi zipangizo zoonera mumdima monga thermal, imene imaonetsa pa skirini kutentha kwa thupi la nyama kapena munthu, bola mwini malo wavomera. Ine ndili ndi layisensi yosakira ya Texas Parks and Wildlife, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo tisanatuluke timayamba taimbira game warden (woonetsetsa kuti malamulo osaka nyama akutsatidwa) wa dera lathu kuti akamva mfuti usiku adziwe kuti ndi ife.

Ndalama zanga zinkakwana chinthu chimodzi chokha: thermal yomangirira pa mfuti, kapena ya m'manja yongoyang'anira. Anzanga ambiri ankati nditenge ya pa mfuti. Ndinatenga ya m'manja, ya sensa ya 384x288 (nambala ya timadontho topanga chithunzi) ndi lens ya 35mm, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo. Munthu amene ali ndi thermal ya pa mfuti yokha, akafuna kuona chimene chikuyenda m'tchire, amaloza mfuti yodzaza pa chinthu chimene sanachidziwe. Mwina ndi ng'ombe, mwina ndi mwana wa mbuzi wotsalira, mwinanso ndi munthu.

Usiku wina mu January ndinakhala tsonga pansi pa mtengo wa mesquite, caller (sipika yoitanira coyote) ikulira ngati kalulu wogwidwa. Patapita mphindi 10, kanthu koyera kanatulukira pa skirini, pa mtunda wa mayadi 250 kapena kuposerapo. Mtima unagunda. Kankabwera molunjika, osaima. Katafika pa mayadi 120 ndinayamba kuona kuti kayendedwe kake n'kolemera, chifuwa n'chachikulu, mchira wapindikira pamsana. Coyote akamathamanga mchira amaugwetsa pansi. Uyu anali Great Pyrenees wa aneba, galu amene amagona pakati pa nkhosa zawo kuziteteza kwa coyote yemweyo. Mfuti inali idakali pa miyendo panga, chala sichinayandikire n'komwe. Ndinazimitsa caller, galuyo ananunkhiza pang'ono n'kubwerera kwawo.

Pamenepa ndi pomwe nambala ya sensa imagwira ntchito. Pa bokosi amalemba mtunda wautali zedi, koma umenewo ndi mtunda wongoonera kuti uko kuli chinthu chofunda. Kuzindikira kuti ndi nyama yanji ndi nkhani ina. Ndi yangayi ndimakhala wotsimikiza chinthu chikafika mkati mwa mayadi 150. Mnzanga ali ndi ya 256x192, tinaziyerekeza usiku womwewo pa mbuzi zomwezo, ndipo pomwe ine ndinkaona miyendo ndi makutu iye ankangoona chibulumwa choyera. Ya 640 ndinayang'anamo kamodzi, imaonetsa bwino kwabasi, koma mtengo wake sukanatheka kwa ine.

Chinanso chimene yandiphunzitsa ndi khalidwe la coyote. Kale ndinkakhala usiku wonse n'kumati sikunabwere kanthu. Tsopano ndimamuona akuzungulira kutali, kufuna kukaima kumene mphepo ikulowera kuti ayambe wanunkhiza asanayandikire. Ndinasintha kakhalidwe: caller ndimaiika mayadi 40 kutsogolo, kumene mphepo ikuchokera, ineyo maso ali mbali inayo. Ndikatsimikiza kuti ndi coyote, ndimayatsa tochi yofiira ya pa mfuti yanga ya .223. Kuwala kofiira sikumudzidzimutsa msanga ngati koyera.

Zovuta zilipo, ndipo wogula azidziwiretu. Mu August, dzuwa likawomba tsiku lonse, miyala ndi nthaka zimasunga kutentha mpaka usiku, skirini yonse imayera moti nyama imabisala m'menemo. Kukakhala nkhungu kapena chinyezi chambiri chithunzi chimafooka. Thermal siona konse kudzera pa galasi, ndiye mukakhala m'galimoto muyenera kutsitsa windo ngakhale kukuzizira. Nthawi ndi nthawi imalira kuti "ke", chithunzi n'kuima kamphindi pamene ikudzikonza, ndipo kawiri zandichitikira nyama ili mkati mothamanga. Chimene chinandisautsa kwambiri masiku oyamba ndi diso. Ukachotsa pa skirini, diso limenelo limakhala ngati lachita khungu kwa kanthawi. Ndinatsitsa kuwala kwa skirini, n'kuzolowera kuyang'anira ndi diso lamanzere kuti lamanja likhale lokonzeka pa mfuti.

Batire yake ndi ya 18650, yochotseka, ndipo ichi ndimachiyamikira kwambiri. Kukazizira imatha msanga kusiyana ndi zomwe analemba, choncho ndimayenda ndi ziwiri zapadera m'thumba la mkati mwa jekete kuti zizikhala zofunda.

Ndaipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Imodziyo ndachotsa chifukwa cha kuima kwa chithunzi kuja ndi chivindikiro cha lens, chomwe chinaduka pa mwezi wachiwiri. Pano ndimachimangirira ndi kachingwe.