Botox, filler kapena kakirimu ndi magalasi a dzuwa: za makwinya a m'mbali mwa maso

Achemwali angapo akhala akundifunsa chinthu chimodzimodzi chibwerereni ku Joni, eti ndiyambe liti kubayitsa za makwinyazi, wina ali ndi zaka 27 zokha koma akuti akuopa kuchedwa. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi pa WhatsApp nde ndingolemba kamodzi. Ine ndili ndi zaka 41, ndili ndi kashopu ka zovala pa boma pano ku Mangochi, ndabayitsapo kawiri, kamodzi zinayenda bwino kamodzi ndinalira.

Choyamba imani pagalasi m'mawa musanadzole chilichonse. Sekani kwambiri, muona timizere m'mbali mwa maso, tija azungu amati mapazi a khwangwala. Kenako siyani kuseka nkhope ikhale phee. Ngati timizere tija tapita, mulibe vuto, imeneyo ndi nkhope ya munthu amene amaseka basi. Ngati tatsala ndithu olo nkhope ili phee, apo nde nkhani ya jakisoni mutha kuyamba kuiganizira. Dokotala amene anandibaya koyamba sanalimbane ndi zaka zanga, anangondiuza kuti sekani, siyani, sekaninso, akuyang'anitsitsa. Komanso ife akhungu lakuda makwinya amachedwerapo kutipeza kusiyana ndi azungu, nde zomaonera mtsikana wa ku America wa zaka 25 pa TikTok akubayitsa n'kumadziona ngati mwatsalira, ayi.

Botox ndi dzina la malonda chabe, mankhwala ake ndi botulinum toxin, palinso Dysport ndi Xeomin zogwira ntchito mofanana. Sikuti imadzaza khwinya ayi. Imagonetsa kamnofu kozungulira diso kaja, kamene kamakwinya khungu mukamaseka kapena dzuwa likakuthobwani m'maso, nde khungu limapuma. Ku America anailoleza pa mizere ya pakati pa nsidze mu 2002, ya m'mbali mwa maso mu 2013, si chinthu cha dzulodzulo. Imayamba kuoneka pakatha masiku atatu kapena asanu, pofika masabata awiri yakhazikika. Wapakati ndi woyamwitsa sabayitsa.

Koyamba ndinabayitsa ndili ndi zaka 38 ku kiliniki ina ku Johannesburg, nditapita kukaona bambo akunyumba. Ntchito inali yabwino sindinama, maso anaoneka ngati ndagona sabata yathunthu. Chinandiwawa ndi mtengo. Pa foni ananditchulira kandalama kochepa ine n'kumati aaa bola, kufika pa kauntala kumva kuti umenewo unali mtengo wa unit imodzi, kamuyezo kamene amayezera mankhwalawo, ndipo m'mbali mwa maso muyezo wake ndi ma unit 24, uku 12 uku 12, mabayidwe atatu mbali iliyonse. Chulukitsani nokha. Kuonjezera ya kuonana ndi dokotala imene sananditchulireko n'komwe. Ndinalipira manja akunjenjemera, ma rand a katundu wa shopu. Ndiye chinthucho chimatha pa miyezi itatu kapena inayi, ine pofika mwezi wachinayi timizere tonse tinali titabwerera pamalo pake ngati alendo oti anangopita kumsika. Pa chaka ndi katatu kameneko, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndinangodziwa kuti za Joni zija zatha kaye.

Apa mpamene ndinachita zopusa.

Kunabwera mayi wina amati amachokera ku Joni komweko, ali ndi kacooler box, akubaya anthu kuseri kwa saluni ina, mtengo wake olo theka la wa kukiliniki sunkafika. Mnzanga anati tiye, ine poona kuti chinkhoswe cha mwana wa achimwene chatsala masabata atatu ndinapita. Kabotolo sindinakaone bwinobwino, anali atasungunula kale mu syringe, akuti kuti tisataye nthawi. Sindinafunse kuti anaphunzira kuti, sindinafunse pepala la Medical Council of Malawi, sindinafunse kuti zinthu zoti zimayenera kukhala mu fridge pa madigiri 2 mpaka 8 zayenda bwanji pa basi masiku awiri kudutsa Beitbridge ndi Mwanza, kenako kutentha kwa Mangochi mu October, ndi magetsi athu ozimazimawa. Ndinangokhala pampando ngati nkhuku yoti aikhwatula.

Patatha sabata ndikutsuka mano ndinaona kuti ndikaseka mbali ya kumanzere ya mlomo sikukwera. Anabaya motsika kwambiri, mankhwala anafika pa mnofu wa tsaya umene umakoka mlomo tikamamwetulira. Amayi anga atandiona anayamba kulira akuganiza kuti ndi sitiroko, achakhali anga anayamba kale kutchula mayina a anthu oti andilodza, ine kuchita manyazi kunena zoona kuti ndalipira ndekha kuti andipinde kamwa kkkk pano ndikuseka koma nthawi imeneyo sindinkaseka, ndimati ndikaseka zimaonekeratu. Ndinamuimbira mayi uja, koyamba anati zitha mawa, kachiwiri anati muzisisita ndi madzi ofunda, kachitatu nambala sinkapezekanso. Nditafunsa kwa dokotala weniweni anandiuza mosabisa kuti Botox ikalowa palibe jakisoni woichotsa, umangodikira ithe yokha. Zithunzi zonse za chinkhoswe ndili ndwii ngati ndakwiya ndi ukwatiwo, mpaka akuchimuna anafunsa ngati azakhali a mkwatibwi sakugwirizana nazo. Zinanditengera pafupifupi miyezi iwiri kuti kamwa ibwerere. Ndipo ndinachita mwayi, chifukwa ku America komweko mu 2024 anthu anagonekedwa m'zipatala atabayidwa Botox yachinyengo ndi anthu opanda ziphaso, ena kuona zinthu ziwiriziwiri, ena kulephera kumeza. Mayi ameneyu anatidyera masuku pamutu ndipo ndikadzakumana naye pa depoti sindikudziwa kuti ndidzatani.

Filler sindinabayitsepo ndipo sindikufuna. Imeneyo ndi ina, ndi kajelo ka hyaluronic acid, monga Juvederm kapena Restylane, imadzaza malo olowa ngati kunsi kwa diso, pa timizere ta kuseka si kwenikweni ntchito yake. Imakhalitsa kuposa Botox, miyezi 6 mpaka chaka kapena kupitirira, ndipo ubwino wake ikalakwika amatha kuisungunula ndi mankhwala otchedwa hyaluronidase. Koma ikalowa mu mtsempha wa magazi pafupi ndi diso munthu atha kuchita khungu, sizichitika kawirikawiri koma ine ndi zimene ndinaona zija sindingayerekeze, makamaka kwa munthu wa kacooler box.

Zimene ndikugwiritsa pano n'zosapatsa chidwi koma ndi zimene ndimazikhulupirira. Magalasi a dzuwa, chipewa chachikulu, sunscreen (mafuta oteteza khungu ku dzuwa) ya SPF 50 m'mawa uliwonse, ndi kakirimu kotchedwa tretinoin usiku. Ganizirani mmene timakhalira kuno, ukakwera kabaza kuwoloka buriji ya pa Shire masana, kapena ukapita ku Makawa kukagula usipa dzuwa likumenya pamadzi n'kubwerera m'maso, nkhope yonse imakhala yokwinya kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kamnofu kamene mukufuna kukalipira ma rand kuti kagone ndi komweko mukukagwiritsa ntchito tsiku lonse chifukwa chosavala magalasi. Ine ndinkaona ngati kuvala magalasi akuda pa boma ndi matama, anthu aziti akudzimva, pano olo anene.

Tretinoin ndi yofuna kuleza mtima, miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi musanaone kanthu, ndipo masabata oyamba khungu limasupuka n'kumayabwa. Kadontho kangati kanjere ka nandolo kakwana nkhope yonse, muyambe kawiri pa sabata, osafikitsa pachikope, ndipo mukapsa nayo ife akuda timatsala ndi zigamba zakuda nde musapupulume. Apakati ayi ndithu. Mugule ku pharmacy yeniyeni mutaonana ndi adokotala, osati pa benchi pamsika. Timizere takuya sidzachotsa, zimenezo Botox imaiposa kutali, koma timizere tating'ono ndi kusalala kwa khungu imathandiza, ndipo kachubu kamodzi kamandikhalira miyezi.

Za mafuta oyeretsa khungu aja, a hydroquinone ndi ma steroid ngati clobetasol, musawaike n'komwe pa mpikisanowu. Ma steroid amenewa amapyapyalitsa khungu, ndipo la m'mbali mwa maso ndi lopyapyala kale, nde pofuna kuwala mukuitana makwinya omwewo ndi masaya akuda aja tonse timawadziwa.

Nde kwa iwe wa zaka 27, ndinakuona pa ukwati ku Namwera, nkhope ikakhala phee ulibe mzere olo umodzi, kagule magalasi ndi sunscreen ndalama yotsalayo uonjezere mpamba. Kwa anzanga a zaka za m'ma 40 amene timizere tikutsala, Botox ya kwa dokotala wa chiphaso imagwiradi ntchito, sindingakunamizeni chifukwa chokwiya ndi mayi uja, koma mufunse mtengo wa ma unit onse pamodzi ndi ya dokotala musanakhale pampando, kabotolo akatsegule inu mukuona, ndipo muwerengere katatu pa chaka osati kamodzi. Komanso musabayitse kutatsala masabata ochepa kuti kuchitike mwambo. Ineyo mwina ndidzabayitsanso bambo akadzanditumizira ya basi chaka chamawa, kukiliniki komwe kuja, ulendo uno nditawerengeratu 24 yanga pa calculator ndili kunyumba.