Mowa m'mapaki a mabanja: kuuletseratu, kuumwera patebulo, kapena kuyenda nawo m'manja

Mapaki akuluakulu a zisangalalo amayendetsa nkhani ya mowa m'njira zitatu. Ena saulola n'komwe. Ena amaugulitsa m'malesitilanti mokha, kwa munthu amene wakhala pansi. Ena amaugulitsa ponseponse, munthu n'kumayenda ndi kapu yake pakati pa ana ndi zikuku za makanda. Kampani ya Disney yayesapo njira zonse zitatuzi, choncho mapaki ake ndi abwino kuyambira poyerekeza.

Disneyland itatsegulidwa ku Anaheim, California, mu 1955, inalibe mowa. Walt Disney, yemwe anayambitsa pakiyi, ankaona kuti mowa umakoka anthu aphokoso ndi osokoneza, omwe ankadzaza m'mapaki akale, ndipo sankawafuna pamalo a mabanja. Kupatula Club 33, kalabu ya mamembala okha yomwe inatsegulidwa mu 1967, mlendo wamba sanagulepo mowa mupakiyi mpaka mu 2019. Mapaki ena monga Dollywood ku Tennessee ndi Holiday World ku Indiana akhala zaka zambiri osagulitsa mowa mkati, ndipo makolo ambiri amawakonda pa chifukwa chomwecho.

Ubwino wa kuletseratu ndi woti lamulo lake n'losavuta. Wachitetezo akaona chitini cha mowa m'manja mwa munthu safunika kufunsa kuti wachigula kuti. Palibe kufufuza zaka pa chiphaso, palibe kukangana ndi kasitomala amene akukanizidwa kapu yachitatu. Vuto lake ndi loti munthu wofuna kumwa sasiya chifukwa cha chikwangwani cha pageti. Amamwera m'galimoto kapena kuhotela, ndipo amamwa mothamanga podziwa kuti mkati saupeza. Wina amathira mowa waukali m'botolo la madzi, lomwe wofufuza zikwama sangalinunkhize lililonse. Kumwa kobisa kotereku n'koopsa kwambiri, chifukwa palibe wogwira ntchito amene waona kuchuluka kwa zomwe munthuyo wamwa. Choncho paki yoletsa mowa iyenera kulimbikira pageti, makamaka kwa omwe atuluka masana n'kubweranso madzulo. Ikalekerera pamenepo, lamulolo limangotsala papepala.

Kuletsaku sikukhalanso bwino kulikonse. Euro Disney inatsegulidwa pafupi ndi Paris mu 1992 ndi lamulo lomwelo, koma ku France tambula ya vinyo ndi mbali ya chakudya chamasana, ndipo alendo anadandaula kwambiri. Mu 1993 lamulolo linasinthidwa.

Njira yotsutsana ndi kuletseratu ndi ya EPCOT, paki ya Disney ku Florida, yomwe inatsegulidwa mu 1982 ndipo yakhala ikugulitsa mowa kuyambira pachiyambi. Chigawo chake cha World Showcase chili ndi malo oimira mayiko 11 mozungulira nyanja, ndipo pali chizolowezi chotchuka choti munthu amwe chakumwa chimodzi m'dziko lililonse. Mapaki a kampani ya Universal nawo amalola kuyenda ndi mowa. Busch Gardens ya ku Tampa inayamba mu 1959 ngati munda wolandirira alendo pafakitale ya mowa ya Anheuser-Busch, ndipo kwa zaka zambiri alendo ankalawa mowa waulere. Ku Ulaya, Tivoli ya ku Copenhagen, yomwe inayamba mu 1843, imagulitsa mowa popanda aliyense kudabwa. Sitinganene kuti njirayi imabweretsa chipwirikiti tsiku lililonse, chifukwa anthu ambiri amamwa kapu imodzi kapena ziwiri n'kupitiriza tsiku lawo mwamtendere. Paki imapezanso ndalama zambiri, popeza zakumwa zimapindulitsa kuposa chakudya.

Koma chofooka chake n'chachikulu: palibe amene akuwerenga. Wogulitsa pakawindo kamodzi amamuona kasitomala kwa mphindi imodzi, osadziwa kuti wadutsa kale pamawindo ena anayi. Ngakhale atachepetsa kuti chiphaso chimodzi chigule makapu awiri okha pa nthawi imodzi, munthuyo amangosuntha mamita 100 n'kugulanso. Komanso kapu ikachoka pakauntala, palibe amene angadziwe ngati yathera m'manja mwa wachinyamata wa zaka 17. Ku America zaka zololedwa kumwa ndi 21, ku Japan ndi 20, ku France ndi 18, koma chiphaso chimaonedwa kwa wogula yekha.

Ngakhale womwa mwiniwakeyo amasokonezeka powerenga. Muyezo wa chakumwa chimodzi ku America ndi magalamu 14 a alcohol, omwe amapezeka m'mamililita 355 a mowa wa 5 peresenti, 148 a vinyo wa 12 peresenti, kapena 44 a mowa waukali wa 40 peresenti. Kapu ya mamililita 473 ya mowa wa 7 peresenti ili ndi magalamu pafupifupi 26, kutanthauza kuti ndi pafupifupi zakumwa ziwiri m'kapu imodzi. Chiwindi chimachotsa pafupifupi chakumwa chimodzi pa ola, ndipo khofi, madzi kapena kuyenda sizichifulumizitsa. Munthu amene wamwa makapu atatu otere pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko masana amadziona ngati wamwa atatu, pomwe thupi lalandira pafupifupi 6 ndipo lachotsa awiri okha. Onjezani dzuwa la ku Florida lomwe m'miyezi yotentha limadutsa madigiri 32, mimba yopanda kanthu, ndi kukodza pafupipafupi komwe mowa umayambitsa. Zakumwa zozizira zotsekemera ndiye zimanyenga kwambiri, chifukwa shuga ndi ayezi zimabisa ukali ndipo munthu waludzu amazigugudiza ngati juwisi.

Zotsatira zake zimaonekera pamzere wa roller coaster, sitima yachisangalalo yothamanga mokwera ndi kutsika. Mowa umasokoneza timadzi ta mkati mwa khutu tomwe timathandiza munthu kuima bwino, n'chifukwa chake makina ozungulira amabweretsa chizungulire ndi kusanza msanga kwa amene wamwa. Wina akasanza, sitimayo imaimitsidwa kuti itsukidwe ndipo mzere wonse umadikira. Choopsa koposa n'choti chitetezo cha makinawa chimadalira wokwera kumvera malangizo: kusaimirira, kusatulutsa manja, kusasewera ndi lamba kapena chitsulo chapamiyendo. Makina akaima panjira, okwera amatsika pamasitepe opapatiza ali m'mwamba. Woyendetsa makina ali ndi mphamvu yokaniza munthu woledzera, koma amamuona kwa masekondi ochepa, m'phokoso, nthawi zambiri iye ali wachinyamata ndipo kasitomalayo ali wamkulu amene walipira tikiti yodula. Kumusiyira iye yekha ntchito yotchinga zomwe malo asanu ogulitsira mowa alephera kutchinga n'kumulakwira.

Njira yapakati ndi imene ikuoneka kuti ndi yanzeru pa paki yomwe alendo ake ambiri ndi ana. Magic Kingdom, paki ya Disney ku Florida, inakhala yopanda mowa kuyambira 1971 mpaka 2012, pomwe lesitilanti ya Be Our Guest inayamba kupereka vinyo ndi mowa pa chakudya chamadzulo. Pambuyo pake malesitilanti ena okhala pansi anatsatira. Ku Disneyland, malo omwera otchedwa Oga's Cantina anatsegulidwa mu 2019 ndi malire a zakumwa ziwiri pa munthu, nthawi yokhalamo ya mphindi 45, ndipo chakumwacho sichituluka panja.

Chomwe chimapangitsa njirayi kugwira ntchito ndi choti kapu siyenda. Woperekera m'modzi amakhala ndi tebulo limodzi kwa ola lathunthu: waona chiphaso, akuona amene akumwa, ndipo zakumwa zonse zalembedwa pa bilu imodzi. Akaona maso afiira ndi mawu ayamba kukoka, amaleka kubweretsa. Chakudya chimachedwetsa mowa kuchoka m'mimba kupita m'matumbo, komwe umalowera m'magazi mwachangu, motero kuledzera sikukwera mwadzidzidzi. Kholo lomwe silifuna kuti mwana wake aone mowa limangosankha lesitilanti ina, chinthu chomwe sichitheka pamene makapu ali pamzere uliwonse.

Nayonso ili ndi mipata. Munthu wotsimikiza mtima atha kusungitsa malo m'malesitilanti awiri motsatizana. Woperekera amene amadalira ndalama yomuthokoza amazengereza kukaniza kasitomala, pokhapokha ngati bwana wake amaima naye pa nkhani zotere ndipo lamulo la zakumwa ziwiri ndi la paki yonse, losasiyidwa kwa iye kuti aganize yekha. Mpata waukulu kwambiri ndi woti njirayi imakonda kukula pang'onopang'ono. Lesitilanti imodzi imakhala zisanu, kenako bala, kenako kangolo ka pa chikondwerero, ndipo paki imapezeka yafika pa njira yoyenda ndi kapu popanda tsiku lomwe inasankha kutero. Malire ake ayenera kulembedwa pasadakhale: malo angati, makapu aakulu bwanji, ndi mowa wa peresenti zingati.

Mapaki a madzi ndi nkhani ina. Kholo lomwe layang'ana kumbali kwa mphindi imodzi litha kutaya mwana, popeza mwana womira nthawi zambiri safuula. Apa kuletseratu n'koyenera, ngakhale paki yoyandikana nayo ikugulitsa.

Pa njira iliyonse yololeza mowa, nthawi yosiyira kugulitsa ndi yofunika ngati malire a makapu. Alendo ambiri amabwera pagalimoto, ndipo woyendetsa amabwerera usiku ali wotopa, ana atagona kumbuyo. Malire a mowa m'magazi kwa woyendetsa ndi 0.08 peresenti m'madera ambiri a America, 0.05 ku France ndi 0.03 ku Japan, ndipo mulingowu umatsika ndi pafupifupi 0.015 pa ola. Amene ali pa 0.08 amafunika maola awiri kuti afike pa 0.05, ndi maola oposa asanu kuti mowa uthe m'magazi. Paki yotseka 10 koloko usiku yomwe ikugulitsabe mowa 9:45 ikutumiza anthu pamsewu mowa usanafike n'komwe pachimake m'magazi awo. Kusiya kugulitsa maola awiri paki isanatseke, madzi akumwa ali aulere pakauntala iliyonse, kumachepetsa ngoziyi ngakhale kuti sikuithetsa kwa amene wamwa kwambiri.