Ndemanga: mmene galaja ya ku Biwi, ku Lilongwe, inakonzera kunsi, chiwongolero ndi aircon ya Fielder yanga

Galajayi ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo ndawamana chifukwa cha kasamalidwe ka kasitomala, koma pa ntchito ya manja awo ndilibe nawo chifukwa. Ndinachedwa dala kulemba kuti galimoto iyambe yalawa msewu, dzuwa la Okutobala ndi mvula yoyamba, chifukwa galimoto iliyonse imaoneka yabwino tsiku lotuluka m'galaja.

Yanga ndi Toyota Corolla Fielder ya 2008, ya injini ya 1NZ, imodzi mwa zija zochokera ku Japan zimene zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ndimachita geni ya mpunga ndi nsomba zouma, ndiye msewu wanga ndi wa Lilongwe kupita ku Salima, n'kukhotera ku Nkhotakota. Amene amayenda m'mbali mwa nyanjamu akudziwa zimene maenje a kumeneko amachita ndi galimoto yaing'ono yosenza matumba. Inafika poti ndikangoponda kadzenje kutsogolo kumamveka gudugudu, chiwongolero chimakokera kumanzere mpaka phewa kuwawa, ndipo ikadutsa pa hampu imadumphadumpha isanakhazikike. Matayala akutsogolo anali atadyeka mkati mokhamokha, kunjaku akuoneka ngati atsopano. Aircon nayo inkangopuma mpweya wotentha.

Kwina kumene ndinayamba ndafunsa, munthu anangomvera phokosolo ali chilili n'kugamula kuti steering rack yonse, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi matayala akutsogolo, yatha, ndigule ina. Kuno sizinayende choncho. Bambo amene amayang'anira amakaniko anayamba akwera nane, tinazungulira cha ku Mchesi kumene kuli mahampu ndi tinjira ta fumbi, iwo ali chete akumvetsera. Titabwerera anaikweza galimoto m'mwamba n'kunena kuti, "Mayi, bwerani mudzaone nokha, ndalama ndi zanu." Anagwira tayala uku ndi uku n'kuligwedeza cham'mbali, ndipo ndinaona ndi maso anga rack end ya kumanzere, kachitsulo ka kumapeto kwa rack, ikusewera. Analigwiranso pamwamba ndi pansi, ball joint nayo n'kuyankha. Kenako analowetsa chitsulo pa lower arm kundionetsa mabushi atang'ambika, labala atauma n'kuchita ming'alu. Ma shock akutsogolo anali atanyowa mafuta mpaka fumbi kumatirira, ndipo akumbuyo, ngakhale sanali kuchucha, anali atafooka chifukwa cha katundu. Rack yeniyeniyo inali bwinobwino. Chimene chinapha rack end ndi kalabala kophimba kaja kamene kanang'ambika, girizi n'kutuluka, mchenga ndi madzi n'kulowa.

Anandiuzanso chinthu chimene eni ake a Fielder ndi Axio ambiri sachidziwa. Galimoto za mtundu umenewu, za zaka ngati yangayi, zilibe pampu ya mafuta a power steering. Chiwongolero chimapepuka ndi mota ya magetsi imene ili pansi pa dashibodi. Ndiye wina akakuuzani kuti chiwongolero chikulemera chifukwa mafuta ake atha, n'kufuna ndalama ya botolo, dziwani kuti palibe pothira mafutawo.

Pa nkhani ya sipeya ndi pamene ndinawakhulupirira kwambiri. Sanandikakamize. Anandiyalira njira zitatu ndi mitengo yake: zatsopano za kampani zodziwika, zatsopano zotchipa zopanda dzina, ndi za kaunjika zochotsedwa pa galimoto zophwasulidwa. Ananena mosabisa kuti chitseko, nyali kapena lower arm yachitsulo ya kaunjika ilibe vuto, koma shock ya kaunjika ndi juga, chifukwa palibe amene angakuuzeni makilomita amene inayenda kale. Ndinasankha ma shock a KYB onse anayi, ndipo ball joint ndi ma rack end anali a kampani ya 555. Mnyamata wawo anapita nane kusitolo kuti tikaone limodzi, popeza masiku ano bokosi limatha kulembedwa dzina labwino mkati muli zachinyengo. Iye ankayang'ana nambala yodindidwa pa chitsulo chenichenicho, kuona ngati ikugwirizana ndi ya pabokosi, n'kukankha shock ndi manja kuti amve mmene ikubwerera. Galajayo sinaikepo kake pa mtengo wa sipeya. Lisiti ya kusitolo ndinaisunga ndine.

Ndinafunsa ngati tingasinthe shock imodzi yokha imene inkachucha kwambiri, poti thumba linali litapepuka. Anakana mwaulemu. Ma shock amasinthidwa awiriawiri, kumanja ndi kumanzere, chifukwa imodzi ikakhala yolimba inayo yofooka galimoto imapendekera pokhota ndiponso pogwira mabuleki mwadzidzidzi. Anati ngati ndalama zavuta, bola kuyamba ndi akutsogolo awiri, akumbuyo n'kudikira mwezi wina. Ndinaonanso kanthu kena kamene ndikufuna muzikayang'anira kulikonse kumene mungapite: mabawuti a mabushi sanawamange kotheratu galimoto ili lende m'mwamba. Anayamba aitsitsa kuti ilemere pa matayala ake, kenako n'kumanga. Akamangiratu ili m'mwamba, labala amakhala wopotoka galimoto ikangotera pansi, ndipo bushi yatsopano imang'ambika msanga. Zakale zonse anandiikira m'thumba n'kundipatsa osapempha.

Tsopano aircon, imene inandidyera ndalama zambiri ndisanafike kuno. Ndinkangothiritsa gasi, ikazizira masabata angapo n'kusiyanso. Mmisiri wa aircon wa pagalajayi, bambo wachikulire wosalankhula zambiri, anandiuza kuti aircon simadya gasi ngati mmene injini imadyera petulo. Gasi amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa ndiye kuti penapake paboola. Kuthira gasi musanatseke pobowokapo n'kutunga madzi ndi dengu. Choipa china n'chakuti gasi akamatuluka amatuluka ndi mafuta amene amafewetsa kompuresa, ndiye mukamangothira gasi yekhayekha, tsiku lina kompuresa imauma n'kugwira, ndipo imeneyo ndiye sipeya yodula kuposa zonse mu aircon.

Sanathire kanthu tsiku loyamba. Anapopera nitrogen m'mapaipi, n'kumayang'ana geji ikutsika pang'onopang'ono, kenako n'kuyamba kupaka madzi a sopo polumikizira paliponse. Thovu linatuluka pa condenser, chija chimakhala kutsogolo kwa radiyeta, pamene mwala unamenya, komanso pa timphete tiwiri ta labala timene tinauma. Galimoto zoyenda m'misewu ya miyala ndi m'madayivesheni zimavulala pamenepa kawirikawiri. Anasintha condenser ndi timpheteto, n'kulumikiza pampu yokoka mpweya kwa theka la ola kapena kupitirira kuti chinyezi chonse chichoke, chifukwa chinyezi chikatsalira chimaundana mkati ndiponso chimawononga mafuta. Atazimitsa pampu anadikiranso kuona ngati geji ikhala pamodzi. Kenako anathira mafuta a kompuresa, n'kuika silinda ya gasi pa sikelo. Pansi pa boneti pali kapepala kolembedwa mtundu wa gasi ndi magalamu ake; yanga ndi ya R134a, ndipo anathira magalamu olembedwawo basi. Kwina konse kumene ndinapitako ankathira mongoyerekeza, akugwira paipi ndi dzanja mpaka izizire. Gasi wochuluka sawonjezera kuzizira, amangolemetsa kompuresa.

Anandichenjezanso za magasi otchipa amene akuyenda m'tauni, ena a mafiriji, ena oyaka moto. Mu galimoto, mapaipi ake amadutsa pafupi ndi injini yotentha n'kulowa mpaka mkati mmene mwakhala anthu. Amene muli ndi galimoto zatsopanoko, yang'anani kapepalako musanalole munthu kulumikiza paipi, chifukwa zina zikubwera ndi gasi wina wotchedwa R1234yf, ndipo awiriwa sasakanizidwa.

Kuseli kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasenjala kuli filita ya mpweya wolowa mkati. Yanga anaitulutsa itatsekeka ndi fumbi lofiira, masamba ndi mankhusu a mpunga. Itasinthidwa, fani inayamba kuwomba mwamphamvu ngakhale pa nambala 2, ndipo kafungo ka chinyontho kanatha. Pomaliza anabaya thermometer pa kabowo kotulukira mpweya, n'kundionetsa itatsika pansi pa madigiri 10 injini ikungolira pamalo.

Zimene sizinandisangalatse nazo ndinene. Choyamba, makina a wheel alignment, owongolera kaimidwe ka matayala, alibe. Zimenezi anandiuza ntchito itatha kale, pamene ankati galimoto ipite kwina ndipo ndikalipire padera. Alignment siyozemba ukasintha ma rack end ndi ma shock, apo ayi matayala atsopano adyeka ngati akale aja, choncho anayenera kuiika pa mtengo woyamba kuti munthu akonzekere. Mnyamata wawo anandiperekeza ndithu mpaka kumeneko n'kuima pamenepo mpaka chiwongolero chitawongoka, koma ndalamayo inandidzidzimutsa. Chachiwiri, foni sayankha. Condenser inachedwa kupezeka, zimene ndikumvetsa poti kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ogulitsa sipeya sasunga katundu wambiri ndipo mitengo imasintha musanamalize kukambirana. Koma kuchedwa kwa sipeya sikuletsa munthu kutumiza uthenga pa WhatsApp. Ndinachita kukwera minibasi kukafunsa ndekha, pamene geni yanga itaima. Malo odikirira nawo ndi benchi imodzi padzuwa, ndipo kwa ife amayi chimbudzi chake n'chosayenera. Pa mpando anasiyapo zala za girizi zimene ndinachita kukachapitsa.

Mtengo wa ntchito yawo ndi wokwererapo poyerekeza ndi amakaniko apansi pa mtengo, ndipo sachotsera kwenikweni ngakhale munenerere bwanji. Koma ndikawerengera rack imene ndikanagula pachabe, ndi gasi amene ndinkangothira mobwerezabwereza, ine ndinapulumutsa ndalama. Analemba pa lisiti chitsimikizo cha miyezi itatu pa ntchito ya manja, ndipo ndinachiyesa: patapita masabata angapo kunayamba kaphokoso kakang'ono kumanja, ndinabwerera, anapeza nati ya stabilizer link itakhwefuka, anamanga n'kuyang'ananso zina zonse osandilipiritsa kapena kundikwinyira nkhope.

Panopa galimoto imayenda mowongoka, chiwongolero chili pakati, ndipo matayala akudyeka mofanana. Pa zitunda zokhotakhota za msewu wa ku Salima sikupendamanso ngati kale, ngakhale itasenza. Aircon inapirira kutentha kwa ku Nkhotakota masana a Okutobala, ndipo mvula itayamba ndinaona phindu lake lina: galasi lakutsogolo likachita nthunzi, ndikangoyatsa aircon limayera nthawi yomweyo, osafunikanso kupukuta ndi chitenje uku ndikuyendetsa. Bambo wa aircon uja anandilangiza kuti ndiziiyatsa mphindi zingapo sabata iliyonse ngakhale m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kuti mafuta azizungulira ndipo timphete ta labala tisaume. Pa katundu anandiuza mosapita m'mbali kuti Fielder si lole. Matumba ndiziwakankhira kutsogolo pafupi ndi mipando m'malo mowaunjika kuchitseko chakumbuyo, ndipo ndichepetseko ngati ndikufuna ma shock akumbuyo akhalitse.

Pali zinthu ziwiri zimene anaziona koma anati zisasinthidwe kaye: mabushi a kumbuyo amene ayamba kuchita ming'alu pang'ono, ndi kalabala ka CV joint ka kumanja. Anazilemba kuseli kwa lisiti kuti tidzazionenso ndisanapite kukayezetsa COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Ngati mukupita kugalajayi, fikani m'mawa asanadzaze, funsani mtengo wa alignment poyambirira pomwe, ndipo pemphani nambala ya mmisiri amene akugwira galimoto yanu, osati ya ku ofesi.