Miyezi 14 chichitireni opaleshoni ya haniya: mesh inachotsedwa, bala lapola

Papita miyezi 14 chichitireni opaleshoni ya haniya m'chinena cha kumanja, ndipo miyezi isanu chichotsereni mesh imene anandiika. Mesh ndi kaukonde ka pulasitiki yotchedwa polypropylene, kamene madokotala amasokerera pamalo ofooka kuti matumbo asatulukirenso.

Poyamba zonse zinkayenda bwino. Panatupa pang'ono, adokotala anati ndi madzi chabe, aphwa okha, ndipo anaphwadi. Mwezi wachitatu chipsera chinafiira n'kumatentha, kenako panabooka kabowo kakang'ono ngati njere ya mapira, kotuluka mafinya. Thupi likatentha usiku ndinkangoti ndi malungo, koma atandiyeza sanawapeze.

Apa m'pamene ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandipweteka mtima. M'malo mobwerera kwa amene anandichita opaleshoni, ndinagula makapisozi opha tizilombo otchedwa cloxacillin ku famase. Ndikamwa, kabowo kankauma. Ndikamaliza, pakangopita masabata awiri mafinya aja abwerera. Ndinachita zimenezi katatu, mayi a kunyumba akundichonderera kuti, "Bambo, tiyeni kuchipatala."

Nditapita, anatenga mafinyawo n'kuwatumiza ku labu, ndipo anapeza kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus. Sikani inaonetsa thumba la mafinya pamwamba pa mesh penipeni. Adokotala anandifotokozera modekha kuti tizilombo tikamatirira pa ulusi wa pulasitiki timadzikuta ndi zoterera ngati ndere pamwala wa mumtsinje, iwo amati biofilm. M'pulasitiki simuyenda magazi, choncho mankhwala amapha tizilombo toyandama, koma tobisala mu nderemo timatsala. Tsiku lomwelo anandipezanso ndi shuga wokwera, amene amachedwetsa bala kupola. Sindinkadziwa n'komwe kuti ndili naye.

Anayamba ayesa kupulumutsa mesh. Anatsegula pang'ono, anatsuka, anandipatsa mankhwala ogwirizana ndi zotsatira za ku labu kwa masabata asanu ndi limodzi. Bala linatsekeka, ndinasangalala, koma patatha mwezi linaphulikanso. Sindiwaimba mlandu poyesa njira imeneyi, chifukwa ena imawathandizadi. Mwezi wachisanu ndi chinayi anaichotsa mesh yonse. Bala analisiya lotsegula kuti lipole kuchokera mkati, ndipo anamwino ankalitsuka tsiku lililonse kwa masabata asanu. Masiku oyamba ululu wake unali woluma nawo mano, komabe kwa nthawi yoyamba ndinkaona bandeji ikutuluka yoyererayerera.

Panopa mafinya kulibe, kutentha thupi kunatheratu, shuga ndikumwera mankhwala. Chatsala n'chakuti khungu la pafupi ndi chipsera linachita dzanzi, ndipo ndikakhala nthawi yaitali m'minibasi pamakoka. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 sindinyamulanso, ndimapempha anyamata. Anandiuza mosabisa kuti popeza mesh kulibe, haniya ikhoza kubwerera.

Mesh sindikuida ayi. Alamu anga ali nayo zaka zambiri ndipo amalima bwinobwino, moti adokotala atadzanena kuti ikufunikanso ndikhoza kuvomera, shuga akakhala kuti watsika. Chimene ndimalira ndi miyezi ija ndinataya ndi makapisozi ogula ndekha, tizilombo tikumanga nthenje. Mwezi wamawa ndikukaonananso ndi adokotala. Akandiimiritsa, akagwira pachipsera n'kundiuza kuti nditsokomole, kuti amve ngati pali chimene chikukankha.