Sutikesi ya matayala kapena chikwama chobereka: cholowa nacho m'ndege ku Chileka n'chiti?

Makampani ambiri a ndege amalola munthu wa tikiti wamba kulowa m'ndege ndi katundu wosapitirira makilogalamu 7. Ena amalola 8, choncho muziyang'ana pa tikiti yanu. Pa sikelo paja amayeza chikwama ndi zamkati mwake pamodzi, ndipo mkangano wa sutikesi ya matayala ndi chikwama chobereka umayambira pomwepa. Sutikesi yolimba ija, yapulasitiki, yooneka bwino m'sitolo, imalemera pafupifupi makilogalamu 3 ilibe kanthu. Musanaikemo ngakhale sokosi, pafupifupi theka la gawo lanu lapita kale ku matayala, chokokera chachitsulo ndi chigoba. Chikwama chobereka chabwinobwino chimalemera kilogalamu imodzi, mwina kupitirirako pang'ono. Makilogalamu awiri amene mwapulumutsawo ndi laputopu, kapena nsapato ndi juzi.

Pa kukula, malire a makampani ambiri amazungulira masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 23 kuchindikala, kuwerengera matayala ndi zogwirira zomwe. Sutikesi yolimba ikapitirira ndi chala chimodzi, yapitirira basi, simungaikambirane. Chikwama chansalu mumachikanikiza, n'kumanga zingwe zam'mbali, chimakwana m'malirewo.

Kwa ife okwerera ku Chileka nkhani yayikulu ndi ndege zimene zimatera kuno. Kulibe mlatho wolowera m'ndege, munthu amayenda pansi kuchoka m'nyumba yodikirira n'kukakwera masitepe, katundu ali m'manja. Ndipo si ulendo uliwonse umene mumapeza ndege yaikulu ya Boeing 737. Malawi Airlines ili ndi Q400, ndege yaing'ono ya mapulopela ija, ndipo Airlink imabwera kuchokera ku Johannesburg ndi ndege za Embraer. M'ndege zing'onozing'ono malo oikamo katundu pamwamba pa mipando amakhala opapatiza, moti kawirikawiri sutikesi ya matayala amaimanga kapepala, n'kukulandani pamunsi pa masitepe kuti ikakhale kunsi ndi katundu wina. Mumaipezanso mukatsika. Palibe choopsa kwenikweni, koma taganizani munthu amene anagula sutikesi n'cholinga choti asasiyane ndi zinthu zake, tsopano wagwada pakonkire, zipi yotsegula, akufufuza pasipoti ndi mankhwala, anzake akumulambalala, mvula ya mu Januwale ikuyamba kudontha. Wobereka amangodutsa, chikwama chake n'kukalowa pansi pa mpando wakutsogolo.

Musaiwalenso msewu wokafikira ku bwaloko. Wopita pa galimoto yakeyake kapena pa takisi alibe vuto. Wochokera ku Ndirande kapena ku Bangwe amene ayambe ndi minibasi, mwinanso kabaza, adziwa yekha kuti sutikesi pamiyendo ndi chilango, ndipo kondakitala angafune ndalama ya mpando wina.

Komabe sutikesi ili ndi kwake kumene imapambana, ndipo sindikufuna kuinyoza. Mukatera pa bwalo la OR Tambo ku Johannesburg kapena pa Bole ku Addis Ababa, mtunda wochoka pa geti ina kukafika pa ina ndi wautali, pansi ndi posalala, ndipo mzere woonetsa mapasipoti ungakuimitseni nthawi yaitali. Makilogalamu 7 kumsana amayamba ngati masewera, koma pakatha ola mapewa amayaka moto ndipo malaya amanyowa thukuta kumbuyo. Wa sutikesi amangoikankha ndi zala ziwiri. Kwa agogo, kwa mayi amene wabereka kale mwana, kwa aliyense wovutika msana, apa palibe choti n'kukambirana, matayala ndiwo. Wopita ku msonkhano kapena ku ukwati nayenso aganize kawiri, chifukwa suti ndi malaya ositidwa zimafika bwino mu sutikesi, pamene m'chikwama chobereka zimatuluka ngati zatafunidwa ndi ng'ombe. Chigoba cholimba chimatetezanso zinthu zosweka.

Ngati mwasankha sutikesi, pali kusankhanso kwina. Ya matayala anayi imayenda mokoma m'bwalo la ndege, koma timatayala take timakhala panja, n'tating'ono, ndipo m'misewu yathu yamiyala ndi maenje sitichedwa kuthyoka. Timadyanso masentimita a kutalika amene akanakhala malo a zovala. Ya matayala awiri, olowa pang'ono m'thupi la sutikesi, imapirira kwambiri, ndipo ine ndingatenge imeneyo. Ngati ndi yansalu yolimba osati yapulasitiki, ndiye bwino kwambiri, chifukwa imakhala ndi thumba lakunja.

Chikwama chapaphewa chachitali chija, cha anyamata a mpira, sindichedwa nacho. N'chopepuka ndipo chimalowa paliponse, koma katundu yense amalemera phewa limodzi ndipo zamkati zimasakanikirana. Cha usiku umodzi ku Lilongwe chikwanira.

Pa malo ofufuzira katundu mpamene kapangidwe ka chikwama kamaonekera. Laputopu amafuna ituluke ikhale payokha m'thireyi. Zamadzimadzi nazo zili ndi lamulo lake, limene linayamba mu 2006 apolisi a ku Britain atatulukira chiwembu chophulitsa ndege ndi mabomba amadzi: botolo lililonse lisapitirire mamililita 100, ndipo onse akwane m'kapepala kapulasitiki koonekera ka lita imodzi. Amaona kukula kwa botolo, osati zimene zatsalamo, choncho botolo lalikulu la mafuta odzola lokhala ndi timafuta pansi limatsala pomwepo. Chimene chimapweteka Amalawi ambiri ndi mphatso. Botolo la tsabola wa Nali, uchi, ngakhale chiponde, zonsezi amaziwerengera ngati zamadzimadzi. Achibale a ku Joni akakutumani zimenezi, ikani m'katundu wamkulu wopita kunsi, mutakulunga bwino m'pepala lapulasitiki. Sizasi, lumo ndi kampeni zipitenso komweko.

Pofufuza pamenepa sutikesi yolimba imavuta chifukwa imatseguka pakati, mbali ziwiri, ndipo kuti mutulutse laputopu zovala zanu zamkati zimaonedwa ndi mzere wonse. Chikwama chobereka cha pakamwa pamodzi pamwamba nacho chimavuta mwa njira yake, chifukwa chimene mukufuna chimakhala pansi penipeni nthawi zonse. Funani chobereka cha zipi yozungulira mbali zitatu, chotseguka chonse, chokhala ndi thumba la laputopu lakumsana. Pa kaunjika ku Limbe zimapezeka, nthawi zina zolimba kuposa zatsopano zam'sitolo. Kokani zipi kangapo muone ngati sikulumpha mano, ndipo yang'anani ulusi pamene malamba amalumikizana ndi chikwama, chifukwa ndi pamene chimayambira kung'ambika.

Power bank imafuna chidwi chapadera, makamaka kwa ife amene kuzimazima kwa magetsi kwatiphunzitsa kuyenda ndi yaikulu. Mabatire a lithium apadera saloledwa m'katundu wopita kunsi, chifukwa akayaka kumeneko palibe woona msanga n'kuzimitsa. Malire odziwika ndi 100 Wh (Wh ndi muyeso wa mphamvu imene batire limasunga). Power bank yolembedwa kuti 20,000 mAh ili pa 74 Wh, imadutsa, koma yopitirira 27,000 mAh imafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo. Ndiye sutikesi yanu ikamatengedwa pa masitepe paja, power bank iyenera kutuluka. N'chifukwa chake wa sutikesi amafunika kachikwama kena kakang'ono ka pasipoti, foni, chaja, mankhwala, ndalama ndi cholembera, kuti asamatsegule kanthu panja.

Ine, pa ulendo wa masiku atatu kapena anayi kuchokera ku Chileka, msana uli bwino, ndimabereka. Zovala ndimazikulunga ngati mphasa m'malo mozipinda, nsapato zolemera ndimavala, ndipo ngati ndi mu Juni kapena Julaye, pamene m'mawa wa ku Johannesburg umazizira kuposa chiperoni chathu, jekete ndimaivalanso pathupi chifukwa munthu samuyeza pa sikelo. Musananyamuke pimani chikwamacho kunyumba, kapena pemphani wogulitsa nyemba pamsika achikoleke pa sikelo yake yopachika.